Kabokosi ka "Ndadzuka"

Abambo anamwalira mu Febuluwale, chimanga chitamasula kale. Anthu akandifunsa kuti miyezi yawo yomaliza inali yotani, ndimasowa chonena, chifukwa chimene ndimakumbukira bwino pa nthawi imeneyo si nkhope yawo ayi. Ndimakumbukira kachipangizo kakuda, kochepa kuposa njere ya mtedza, kamene ndinakhala ndikusankha miyezi iwiri yathunthu. Ndikhoza kukuuzani kuti kanali ndi timiyendo tingati. Koma kuti abambo anayamba kuwonda liti, sindikudziwa.

Ine ndimakonza mafoni pa Boma, m'kashopu ka malata pafupi ndi pamene maminibasi a ku Lilongwe amaima. Pamzere wonse wa okonza mafoni mkazi ndine ndekha, ndipo mpaka lero pali amuna amene amafika, kusuzumira uku ndi uku, n'kundifunsa kuti, "Amisiri achokapo?" Ndimawayankha kuti ee, achokapo, mubwere mawa. Mawa lakelo amapezanso ine yemwe, foni yawo itagona tsiku lina ili chizimire. Ntchitoyi ndinayambira pa wailesi ya abambo ndili mu sitandade 4. Ndinaimasula yonse, kubwezera kunandikanika, ndipo amayi atatenga chikoti abambo anati, "Musiyeni, akufuna aone amene amalankhula m'katimo." Wailesiyo sinalankhulenso.

Amayi atamwalira, abambo anachoka m'mudzi umene anakwatira n'kubwerera kwawo ku Chiosya, kumene kunali mlongo wawo, azakhali anga. Anamanga kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya azakhaliwo, ndipo ankalima mtedza ndi chimanga pa kamunda kamene abale anawadulira. Ali anyamata anakhalapo tenanti pa esiteti ya fodya, kenaka anagwira pa chigayo zaka zambirimbiri. Chigayocho ndicho chinawadya makutu. Zinayamba ndi "Wati chiyani?", zinathera poti munthu uziwakuwira pa khutu la kumanzere ngati mukukangana.

Foni ndinawagulira, koma inali ntchito yachabe. Inkalira m'thumba la malaya mpaka kutopa, iwo ali kalikiliki kupalira. Mwamwayi akaiona ikuwala, ankayankha mokuwa kuti, "Halo! Ndani? Sindikumva!" n'kudula. Kulemba uthenga sakanatha, poti maso anali atayamba kuchita nkhungu ndipo chala chawo chinkadina mabatani atatu nthawi imodzi. Foni ya azakhali nayo inkathera masiku ambiri kotchajitsa kusiyana ndi m'manja mwa eni ake. Choncho mmawa uliwonse ndikamatsegula shopu funso linali lomwelo: kodi abambo adzuka? Ndinkapita kumudzi pa kabaza Loweruka lachiwiri lililonse, koma pakati pa Loweruka ndi Loweruka linzake pali masiku ambiri oti munthu akhoza kufa.

Ndiye ndinaganiza zopanga kabokosi. Kunja batani limodzi lalikulu, la belu la pakhomo, loti ngakhale chala cha abambo sichingaphonye. M'kati simukhadi, kabolodi kotumizira uthenga, ndi batire la m'laputopu yakufa. Padenga kasola kakukula ngati kope la mwana wa sukulu. Abambo akadzuka adine batanilo, uthenga ufike pa foni yanga, ine mtima ukhale m'malo. Zonsezi ndinalumikiza masiku atatu okha ndipo zinagwira. Chimene chinandisowetsa mtendere chinali chimodzi, kuti kabokosiko kasadzazime. Kakanati kazizima chifukwa cha chaji, ndiye kuti tsiku lopanda uthenga sindikanadziwa kuti wafa ndani, batire kapena bambo anga.

Pakati pa sola ndi batire pamakhala kachipangizo kamene kamalamulira chaji. Ife okonza mafoni timakatchula kuti ayisi. Azakhali atamva dzinalo anafunsa ngati sikasungunuka ndi dzuwa la Okutobala.

Ayisi yodziwika, imene imapezeka m'katoni ya mmisiri aliyense, inapangidwira magetsi a pakhoma, amene akakhalapo amabwera ndi mphamvu yofanana. Ukaiika pa kasola kakang'ono imakoka mwadyera, kuposa zimene kasolako kangapereke. Mtambo ukangodutsa mphamvu imagwa, iyo imaima, kenaka kuyambanso, kuimanso, tsiku lonse kumangodzidzimuka popanda cholowa m'batire. Ndinaiyesa sabata imodzi. Dzuwa likamaswa mtengo inkagwira bwinobwino, koma ine sindinkaopa Okutobala. Ndinkaopa Januwale.

Ndinayamba kuwerenga. Makasitomala akachepa ndinkatsegula mapepala a Chingerezi pa foni, tizilembo ting'onoting'ono, kukulitsa ndi zala mpaka maso kupweteka. Mmenemo ndi mmene ndinapeza ayisi yopangidwira dzuwa. Imeneyo imachita ngati mayi wotunga pa chitsime chimene chikuphwa. Saponya ndowa ayi, amatapa ndi kapu, kudikira kuti madzi abwerere, n'kutapanso. Batire likadzaza imasiya yokha. Batire likatentha kwambiri imakana kulitchaja, ndipo pansi pa malata a abambo zimenezo zinali zofunika. Dzuwa likalowa imatseka njira kuti mphamvu isabwerere kumene yachokera, ndipo iyo yokha imadya zochepa zedi.

Inaliponso yachitatu, yotha kutola mphamvu ngakhale pa kuwala kwa pawindo. Imeneyo inandikopa masiku angapo. Koma zimene inkatola zinali zochepa, pomwe kabolodi ka simukhadi kakamasaka netiweki kamameza mphamvu yambiri nthawi imodzi, ndipo netiweki ya kumudzi kwathu ndi yochita kusaka. Ndinkalemba, kufufuta, kulembanso. Mayi wogulitsa mandazi pambali pa shopu anafika pondifunsa ngati ndayamba sukulu ya kwacha. Pamapeto pake ndinasankha yachiwiri ija.

Zipangizo zathu zambiri zimabwera ndi mayi wina wa ku Chipata amene amawoloka malire sabata iliyonse ndi chikwama cha tizinthu. Ndinamulembera nambala ya ayisiyo pa kapepala. Sabata yotsatira anabwera ndi kapaketi ka yodziwika ija.

"Ni yamene iyi, ba sisi," anatero m'Chinyanja chake. "Zonse zichita chaji chabe."

"Ngati zonse n'zimodzi," ndinatero, "bwanji inu simungokwera minibasi iliyonse, poti zonse zili ndi matayala?"

Anaseka, nati ndine wovuta maningi. Ulendo wachiwiri anabweretsa ina yokhala ndi nambala yofutika, ndipo ndinamubwezera anthu akuona. Yeniyeniyo inafika patapita masabata asanu, ziwiri m'kapulasitiki, zochokera ku Lusaka. Yoyamba ndinaipsereza ndekha powotcherera. Yachiwiri ndinaiwotcherera shopu nditatseka chitseko, ndikuopa ngakhale kupuma.

Kenaka mayeso. Kasola ndinakaika padenga la shopu, mita patebulo. Ndinkakwera pa mpando n'kuphimba kasolako ndi chitenje kuti ndipange mitambo yangayanga, chitenje chotambasula mitambo ya Disembala, chopinda pawiri ya Januwale. Amisiri anzanga ankati ndayamba kufunditsa denga. Mita inkasonyeza kuti mphamvu ikulowabe, yochepa koma ikulowa. Chaka chonse chimenecho palibe tsiku limene ndinasangalala ngati limenelo. Maulendo awiri opita kumudzi ndinawaphonya chifukwa cha mayeso amenewa, ndipo sindinaone cholakwika, poti zonsezi ndinkachitira iwo omwewo.

Uthenga wake ndinaulemba waufupi kuti kabolodi kasachedwe kugonanso. Liwu limodzi, "Ndadzuka", kenaka nambala yosonyeza mphamvu yotsala m'batire. Nambalayo ndinadziikira ine mmisiri.

Ndinakakhoma kabokosiko kumayambiriro kwa Novembala, mvula isanagwe, m'kati mwa nyumba pafupi ndi chitseko. Abambo anaima kumbuyo kwanga atandigwirira misomali.

"Ndiye ndikadina apa, iwe uko umva?" anakuwa, poti munthu wogontha amayesa kuti tonse ndife ogontha.

"Ee!" nanenso ndinakuwa pa khutu la kumanzere. "Mmawa uliwonse mukadzuka!"

"Nanga kamadya chiyani?"

"Dzuwa!"

Anasuzumira panja kuyang'ana kumwamba, kenaka anayang'ana ine. "Kali ndi mwayi, mayi," anatero. Ankanditchula kuti mayi kuyambira ndili wamng'ono, chifukwa amati ndinatenga mphumi ya amayi awo. Anadina. Foni inalira m'thumba mwanga, ndinawaonetsa, ndipo anadinanso kanayi mpaka ndinawagwira dzanja.

Kuyambira tsiku limenelo uthenga sunaphonyepo. Unkafika ndisanachoke kunyumba. Masiku oyamba ndinkamwetulira, kuwaona m'maganizo ali chiimire pakhomo ndi bulangeti paphewa. Koma mawu obwera omweomwewo tsiku ndi tsiku amasiya kumveka. Posakhalitsa maso anga anazolowera kudumpha "Ndadzuka" n'kuthamangira pa nambala. Nambala ndiyo inkasintha, ndiye nambala ndiyo inali nkhani.

Pa Khirisimasi ndinapita ndi mpunga ndi shuga. Abambo anali atavala jekete kunja kukutentha, ndipo ndinawaseka kuti akufuna kukwatiranso. Anadya mochepa, ine ndinati ndi mano. Titadya ndinakwera padenga kukapukuta fumbi ndi zitosi za nkhunda pa kasola, ndipo ndinamanganso waya amene anali atakhwepa. Ndikaganiza bwino, tsiku limenelo ndinakhala nthawi yaitali padenga kuposa pakhonde.

Januwale inabwera ndi mvumbi. Panali sabata yathunthu imene dzuwa silinaoneke, zovala kununkha chinyezi pa chingwe, anthu kubweretsa mafoni onyowa atawakwirira mu mpunga. Masola akuluakulu a anthu anagonja, nyali zawo zinazima. Kabokosi kanga kanapitiriza. Nambala inkatsika tsiku ndi tsiku, inafika penapake n'kuima, ndipo dzuwa litabwerera inakweranso. Ndinayenda mzere wonse ndikuonetsa amisiri aja kuti, "Mumati ndikufunditsa denga, onani tsopano."

M'mwezi womwewo azakhali anafulasha kamodzi, ine n'kuwaimbira. Tinapatsana moni, tinakamba za mvula ndi za fetereza. Kenaka anati, "Ubwera liti kuno?" Ndinati msewu ukauma. Iwo anangoti, "Chabwino." Pa nthawiyo ndinali nditapanikiza foni ndi phewa, manja ali pa foni ya kasitomala. Kumudzi sindinapite mwezi wonsewo. Msewu unali matope okhaokha, ntchito inali yambiri, ndipo abambo anali akudzuka.

Lachiwiri lina mu Febuluwale uthenga unachedwako, unafika nditatsegula kale shopu. Batire linali lodzaza. Ndinagwira ntchito. Cha m'ma leveni koloko amuna awo a azakhali anatulukira atavala jekete la kutchalitchi. Anali asanabwerepo ku shopu kwanga n'kale lonse. Ndinawapatsa benchi, tinapatsana moni wonse, wa ine, wa ntchito, wa ulendo. Kenaka anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Kumudzi kuja matenda akula," anatero. "Akuti mufike."

Ndinakulira konkuno, mawu amenewo ndimawadziwa. Munthu wamkulu savala jekete n'kukwera kabaza mtunda wonsewo chifukwa cha matenda. Komabe ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa, ngati mmene ndimaonetsera kasitomala wotsutsa.

"Si uwu uthenga wa lero? Adzuka."

Foniyo sanaiyang'ane. Anayang'ana chipewa chawo.

Tinapeza masamba atayalidwa kale pamsewu wolowera m'mudzi. Za maliro ndilibe zambiri zonena. Anandikhazika pamphasa, ndinakhala. Anati ndione nkhope, ndinaona, ndipo inali nkhope yaing'ono imene ndikanakumana nayo pamsewu ndikanaipitirira. Amayi a mphakati ankaimba, anthu ankandigwira dzanja, ine n'kumawayankha. Misozi sinabwere. Ndinamva amayi ena akunong'onezana kuti ana a pa Boma mitima yawo ndi ina, ndipo sindinapse mtima, chimene kwa ine ndi chachilendo. Sindinkamva chisoni, sindinkamva njala, sindinkamva chilichonse.

Tsiku lotsatira titaika maliro, tinalowa kukasesa m'nyumba mwawo. Kabokosi sikanali pamene ndinakakhoma. Pakhoma panatsala misomali iwiri. Ndinakapeza kuchipinda, pansi, kumutu kwa mphasa. Wina anali atatalikitsa waya wochokera padenga ndi zidutswa za mawaya akale, zopota ndi manja n'kukulunga ndi pepala la shuga. Chinthu choyamba chimene ndinaganiza n'chakuti ameneyo walumikiza moipa. Chachiwiri, ndinatulutsa mita m'chikwama, poti sindiyenda wopanda mita, n'kuyeza batire. Linali lodzaza. Ndinakhala pamenepo mita ili m'manja mpaka amene ankasesa anandipempha kuti ndisuntheko.

Azakhali anali kuseri akutsuka mbale zobwereka za pamaliro. Ndinapita ndi kabokosiko n'kuima patsogolo pawo.

"Abambo anatisiya nthawi yanji?" ndinafunsa.

"M'bandakucha."

"Nanga Lachiwiri lija anadina ndani?"

"Ine." Sanasiye kutsuka. "Anandiuza okha. Anati tsikulo likadzafika ndidzadine, kuti usamve kwa bokosi uli wekha. Umve kwa munthu."

"Anadwala masiku angati?"

"Khasu anasiya chaka chitangoyamba. Kuchipatala tinapita nawo kawiri. Masabata atatu omalizawa sanatuluke m'nyumba, ndiye alamu awo, amuna angawa, anawatalikitsira waya uja."

Pamenepo mkwiyo wanga unabwerera, ndipo ndinakondwera kuti pali chimene ndikumva. Ndinakuwa. Ndinafunsa kuti foni yawo ntchito yake n'chiyani, kuti anthu akuluakulu mudzi wonse analephera bwanji kutuma munthu pa Boma, kuti ndiye mwezi wathunthu abambo ankandinamiza mmawa uliwonse iwo akuwathandiza kunama. Amayi amene ankatunga madzi chapafupi anaima.

Azakhali anaika mbale pansi. "Samala pakamwa, mwanawe," anatero motsitsa mawu. "Ine ndinakufunsa kuti ubwera liti. Kuposa pamenepo anandiletsa, anati mwana ali pa ntchito. Ndipo bambo ako sananame. Kudzuka ankadzuka."

Anapukuta manja pa chitenje, n'kuyang'ana kabokosi kamene ndinanyamula.

"Mmawa ndikawapititsira phala ndinkawapeza ataika bokosi lakoli pachifuwa, chala chili pa batani, osadina. Ankakhala choncho nthawi yaitali. Tsiku lina anandiuza kuti, 'Mlongo, mayiyu anangoikamo ndadzuka. Pang'ono sanaikemo.'"

Ndinamvetsa pomwepo. Kwathu kuno wodwala ukamufunsa kuti wadzuka bwanji, sanena kuti sanadzuke. Amati, "Ndadzuka pang'ono," ndipo wakumva amadziwa kuti ayenera kukhala pansi n'kufunsa bwinobwino. Ndinamvapo abambo akuyankha choncho kambirimbiri. Ine amene ndikamva malungo ndimayankha choncho.

"Ndiye akanangosiya kudina," ndinatero. "Tsiku limodzi lokha. Ndikanabwera."

"Ndinawauza zomwezo," anatero azakhali. "Anakana. Anati, 'Ndikapanda kudina aganiza kuti makina ake afa. Anavutika nawo mwanayu.'"

Anatolanso mbale n'kupitiriza kutsuka. Ine ndinayang'ana kabokosiko. Pambali pa batani panali malo okwanira lina. Likanafuna waya umodzi ndi ntchito ya mphindi khumi, ndipo batire silikanamva n'komwe. Ndinaziwerengera zimenezi ndili chiimire, chifukwa ndi zokhazo zimene mutu wanga unkatha kuchita. Kenaka azakhali anandipatsa nsalu, ndipo ndinakhala pansi n'kuyamba kupukuta mbale za anthu.